Fodya wanga akuuma ali wobiriwira, alimi ndithandizeni

WakuLeeds: Moni nonse akuluakulu. Ndabwera ndi nkhani imene ena muiseke, koma museke mutandithandiza. Chaka chino ndinadzala fodya pa allotment yanga, kadimba kobwereka ku khonsolo, kuno ku Leeds, mitengo yowerengeka chabe pakati pa kabichi ndi nyemba. Si wogulitsa ayi, ndi chidwi basi. Mbewu ndinagula pa intaneti mitundu itatu: Virginia Gold, burley wotchedwa TN 90, ndi kena ka masamba ang'onoang'ono ka ku Turkey kotchedwa Izmir. Ndinafesa mu Malichi pa windo m'nyumba, ndinawokera kumayambiriro kwa Juni chisanu chitatha, ndipo wakula bwino zedi, burley mpaka kundipitirira msinkhu. Mavuto ayamba nditathyola. Masamba amene ndinapachika m'chipinda chapamwamba auma gwa koma akadali obiriwira, ukawagwira akungofumbutuka. Amene ndinapachika m'kashedi ka ku allotment achita chuku m'mitsempha. Otsala akadali m'munda ndipo Okutobala wayandikira. Nditani?

WakuJoni: Achimwene, kuwoloka nyanja zonsezo kukalima fodya? Anzanu akuthawa chigafa, inu mukuchisaka ku Mangalande 😂

WakuLeeds: Sekani achimwene. Bambo anga ankalima fodya ku Dowa, koma ine yanga inali yotunga madzi a ku nazale. Za m'chigafa ankadziwa ndi akuluakulu.

Bambo a ku Santhe: Mwana wanga, ndifunse kaye. Masambawo munathyola atakhwima? Tsamba lokhwima limayezuka, limayamba kachikasu, limakhuthala, ndipo ukalikankhira pansi ndi chala limachoka lokha pa mtengo osalimbana nalo. Likamakanirira ndiye kuti silinafike, lisiyeni. Komanso sitithyola mtengo wonse tsiku limodzi. Timayamba apansi awiri kapena atatu, tidikire sabata, tibwerenso, mpaka tikafike kunsonga.

WakuLeeds: Ena anali atayamba chikasu, ena ayi bambo. Ndimaopa chisanu, kuno chikagwa usiku umodzi wokha masamba onse amafa. M'chipindamo muli hita, timayatsa madzulo.

Bambo a ku Santhe: Hita? Ndiye mwamuwamba, simunamuumitse. Burley safuna moto. Mthunzi ndi kamphepo, basi. Dikirani a Mlangizi abwere akuuzeni za kusukulu zake.

Mlangizi Wopuma: Ndafika bambo, ndinali ku maliro. A ku Leeds, mvetsani chinthu chimodzi ichi, zina zonse zizibwera zokha. Tsamba la fodya likathyoledwa silinafe. Limakhala likupumabe, ndipo poti chakudya chochokera kumizu chaduka, limayamba kudya zimene linasunga m'thupi mwake. Zobiriwira zija zimaphwanyika, chikasu chimene chinabisika chimaonekera, sitachi amasanduka shuga, ndipo zambiri zimene zimapangitsa utsi kukanda kukhosi zimachepa. Ntchito yonseyi imachitika tsamba likadali ndi madzi komanso pakufunda. Likauma msanga, limafa ntchito isanathe, ndipo kubiriwira kumatsekeredwa momwemo. Ndiye kuumitsa fodya ndi kuchedwetsa imfa ya tsamba mpaka litasanduka chikasu, kenako n'kulilola kuti liume. Inu hita yanu yadumpha gawo loyambalo.

Kwa amene atsala m'munda chitani izi. Thyolani masana mame atauma. Sanjikizani masamba m'katoni kapena pakati pa matawulo akale, muwavundike ngati nthochi, muike pofunda koma osati pa hita penipeni. Tsiku lililonse phwasulani, pukutani thukuta, apansi abwere pamwamba. Tsamba limene lachita chikasu lichotseni mulipachike, lobiriwira libwerere m'katoni. Mukalumpha tsiku osatembenuza, amawola.

Popachika pakhale chinyezi cha mumpweya cha pakati pa 65 ndi 70 peresenti. Gulani kachida koyezera chinyezi, n'kotchipa. Kukauma kwambiri tsekani mawindo ndi kuyanika thawulo lonyowa pafupi. Chinyezi chikakwera, tsegulani ndi kuyatsa kafani kakang'ono. Burley amatenga milungu inayi mpaka isanu ndi itatu. Mudzadziwa kuti watha mukapinda mtsempha wapakati n'kuthyoka ngati kamtengo kouma. Ukamangopindika, mkati mukadali madzi, ndipo chuku chimayambira pomwepo.

WakuLeeds: Zikomo kwambiri a Mlangizi. Nanga obiriwira aja ndi achuku aja?

Mlangizi Wopuma: Achuku tayani, osayesa kupukuta n'kusuta. Obiriwira ena amawanyowetsa pang'ono n'kuwaika padzuwa kuti ayezuke, mtundu umasinthako koma kakomedwe sikabwerera kwenikweni. Ine ndikanawaponya ku kompositi, koma osati kompositi yothira ku tomato. Chifukwa chake ndinena kutsogoloku.

Mayi a ku Mponela: Ndawerenga mwakachetechete koma mtima wakana. Fodya kukhala chosangalatsa? Ine ndinakulira pa esiteti, makolo anga anali matenanti. Febuluwale akafika sukulu inkaima yokha. M'mawa kuthyola mame ali chonchi, zovala zonyowa mpaka m'khosi. Manja ankachita phula lakuda lomata, ukagwira nsima imawawa, sopo osachotsa, timachita kukhula ndi mchenga. Madzulo kusoka pa koloboyi mpaka maso kuchita mdima, singano ya waya kuboola mtsempha uliwonse, mulu osatha. Masiku ena mutu kuzungulira, kusanza, amayi n'kumati ndi malungo. Pamapeto pa chaka bwana awerengere chimanga chimene munadya, feteleza, mchere, ngongole ya kuchipatala, otsala ake osakwana n'chitenje. Ndiye ndikamva wina akuti ndi chidwi basi, sindikudziwa kuti ndiseke kapena ndilire.

WakuLeeds: Amayi, sindinafune kupeputsa zimenezo. Ndikudziwa kuti mitengo yanga yochepayi ndi masewera poyerekeza ndi zimene munadutsamo.

Mayi a ku Mponela: Sindikukudzudzulani mwanawe. Ndangonena kuti zidziwike.

Namwino wa ku Zomba: Amayi, kusanza ndi chizungulire mwanenazo nthawi zambiri sakhala malungo. Nikotini amasungunuka m'madzi, ndiye tsamba likanyowa ndi mame kapena mvula amalowa kudzera pakhungu. Munthu amachita nseru, mutu, kufooka, mtima kuthamanga, ngakhale sanasutepo chibadwire. Ana amavutika kwambiri chifukwa matupi awo ndi aang'ono. A ku Leeds, valani magolovesi ndi malaya a manja aatali, musathyole masamba onyowa, ndipo mukanyowa sinthani zovala musambe. Ngati muli ndi ana kapena galu pakhomo, katoni ija ikhale pamwamba. Mwana akatafuna tsamba la fodya ndi nkhani ya kuchipatala.

WakuJoni: Koma achemwali, wolima wekha si ndiye wabwino? Mulibe mankhwala a ku fakitale aja.

Namwino wa ku Zomba: Ayi achimwene, bodza limenelo lapha anthu ambiri. Choipa chachikulu si zimene fakitale imathira, ndi tsamba lenilenilo likapsa. Utsi wa fodya aliyense uli ndi phula ndi mpweya woipa wa carbon monoxide. Zina mwa zoyambitsa khansa, zotchedwa nitrosamines, zimapangika nthawi youmitsa yomweyo, m'chigafa momwemo, makamaka pakakhala chinyezi chambiri. Wa chingambwe wa agogo ndi ndudu ya m'sitolo onse amawononga mapapo. Dziko lathu linalowa nawo m'pangano la WHO lochepetsa kusuta mu 2023, ngakhale kuti chuma chathu chikudalirabe fodya yemweyo. Limani ngati mukufuna, koma musadzinamize.

Adimini: Uthenga wa achemwali wamveka ndipo ukhale pomwepo. Tisasandutse bwalo la milandu, funso linali la kaumitsidwe.

WakuLexington: Ndalowa mochedwa, nthawi yathu ndi yosiyana. Ine ndili pa sukulu kuno ku Kentucky, ku Amereka, kwawo kwa burley. A ku Leeds, ngati chisanu chikukuthamangitsani, chitani zimene amachita kuno: sathyola tsamba limodzilimodzi, amadula mtengo wonse pansi. Amaboola tsinde ndi kachitsulo kosongoka kovekedwa kunsonga kwa ndodo, mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi pa ndodo imodzi, amausiya ufote pang'ono m'munda, kenako amakapachika chozondoka m'nyumba zamatabwa zazitali zokhala ndi timakomo tam'mbali totsegula ndi kutseka. Ubwino wake, tsinde lili ndi madzi ambiri, ndiye masamba sauma mwadzidzidzi, amakhala ndi nthawi yosanduka chikasu. Masamba amadzawachotsa pa tsinde cha mu Novembala kapena Disembala, tsiku la chinyezi atafewa. TN 90 wanuyo anapangidwira kachitidwe kameneka, ndi mbewu ya ku Tennessee. Burley woyera ameneyu anayambira ku Brown County, m'chigawo cha Ohio, mu 1864, pamene mlimi wina, George Webb, anaona mbande zotuwa pa nazale yake. Panopa zigafa zambiri kuno zangokhala mabwinja kapena mosungira udzu wa ng'ombe. Boma litathetsa dongosolo la makota, mlingo wa fodya umene mlimi aliyense ankaloledwa kugulitsa, mu 2004, alimi ang'onoang'ono ambiri anasiya.

Bambo a ku Santhe: Kudula mtengo wonse? Ndiye apansi si apsa pamene akunsonga asanakhwime?

WakuLexington: Apansi ena amatayika ndithu bambo. Koma kuno wolipidwa ndi wodula, sangakwanitse kulowa m'munda kasanu ndi kawiri ngati kwathu. Amalolera kutaya masamba ochepa.

Bambo a ku Santhe: Ndiye n'chifukwa chake amabwera kudzagula wathu. Ife tsamba lililonse limadutsa m'manja: kuthyola, kusoka, kupachika pa mikangala, kutsitsa, kusankha, kumanga, kudinda. Komatu vuto la chuku la a ku Leeds si lachilendo. Ife timathyola mvula ili pakati, Febuluwale ndi Malichi. Mvula ya mvumbi ikagwa sabata yathunthu, ukalowa m'chigafa umamva fungo lokha kuti zinthu zaipa, masamba akuda n'kumayoyoka pa chingwe. Mankhwala ake ndi kutalikitsa mikangala, denga lisadonthe, ndipo chigafa chisamangidwe pachidikha. Waumbombo amene amapanikiza fodya wambiri m'chigafa chaching'ono amalira kumsika wa fodya wa ku Chinkhoma belo likabwezedwa.

WakuLeeds: Ndidula theka la burley ngati a ku Lexington, theka ndivundika, ndione kusiyana. Nanga Virginia ndi Izmir, chimodzimodzi?

Mlangizi Wopuma: Ayi, ndipo apa ndi pamene ogula mbewu pa intaneti ambiri amasokonezeka. Mtundu uliwonse uli ndi kaumitsidwe kake, ndipo kaumitsidweko ndi kamene kamaupatsa khalidwe.

Virginia ndi uja kwathu timati wa kampopi. Amaumitsidwa m'balani yotsekedwa, moto uli kunja, kutentha kukuyenda m'mipope, utsi osakhudza tsamba. Masiku oyamba kutentha kumakhala pakati pa madigiri 35 ndi 40, chinyezi chili chambiri, kuti achite chikasu. Kenako umakweza pang'onopang'ono kufika cha m'ma 55 kuti tsamba liume chikasu chisanathawe, pomaliza cha m'ma 70 kuti mtsempha uume. Zonse pafupifupi sabata imodzi, ndipo woyang'anira moto sagona. Cholinga chake n'kupha tsamba pa nthawi imene shuga wachuluka, lisanamudye. N'chifukwa chake wa kampopi amatuluka wachikasu ndi wotsekemera, pamene burley, amene amafa pang'onopang'ono kwa milungu, amatuluka wofiirira wopanda shuga kwenikweni. Mukapachika Virginia mumthunzi auma ndithu ndipo asutika, koma adzakhala wofiirira, si uja wagolide wa pa chithunzi cha paketi ya mbewu.

Izmir ndi wa padzuwa. Ku Turkey ndi ku Greece amasoka timasamba timeneti pa zingwe zazitali, amatisiya tifote pamthunzi masiku ochepa, kenako padzuwa. Kwathu fodya wa mtundu umenewu ankalimidwa ku Mzimba. Safuna feteleza wambiri ndipo amadzalidwa mothithikana, ukamudyetsa kwambiri masamba amakula koma fungo lake limathawa. Dzuwa la ku Leeds mu Okutobala sindikulikhulupirira. Ngati mnzanu wa pa allotment ali ndi kanyumba kagalasi kolimiramo tomato, pemphani mupachikemo tomato akatha.

WakuLuton: Achimwene a ku Leeds, mbali ya malamulo mwaiona? Kudzala mtengo wa fodya kuno sikoletsedwa, koma masamba ukayamba kuwakonza kuti asutidwe nkhani ya msonkho imalowa, ngakhale ukhale wosuta wekha. Ndipo kuyambira 2017 a HMRC, bungwe lotolera misonkho kuno, ali ndi dongosolo lapadera la fodya wosakonzedwa. Werengani pa tsamba lawo musanapite patali, ndipo musayerekeze kugulitsa kapena kugawa kuntchito. Mapepala athu kuno sachedwa kuda.

WakuLeeds: Ndamva achemwali, ndiwerenga usiku uno.

WakuJoni: Ngakhale kumudzi si amalembetsa ku Tobacco Commission? Kulikonse fodya amayenda ndi chiphaso.

Mlangizi Wopuma: Wogulitsa amalembetsa ndipo amapatsidwa mlingo wa makilogalamu. Achinyamata simudziwa kuti mpaka cha mu 1990 mlimi wa pamudzi sankaloledwa n'komwe kulima burley kapena wa kampopi. Lamulo la Special Crops Act linasiyira mitundu imeneyi eni maesiteti, amene ankagulitsa okha ku okushoni. Wa pamudzi ankalima chikopa n'kugulitsa ku ADMARC pa mtengo umene boma lanena. N'chifukwa chake anthu ambiri, monga makolo a mayi a ku Mponela, ankapita kukakhala matenanti. Zitatsegulidwa, zigafa zinamera mudzi uliwonse kuyambira Mchinji mpaka Rumphi, ndipo mitengo ya m'tchire inalipira, poti mphanda ndi mikangala zimafunika zatsopano pafupipafupi. A ARET, bungwe lofufuza ndi kulangiza za ulimi wa fodya, akhala akulimbikitsa zigafa zamoyo, kudzala mitengo m'mizere momwe mukanakhala mphanda kuti denga lidzamangidwe pa mitengo yamoyo, chiswe osaigwetsa. Nzeru yabwino, koma imafuna munthu woleza mtima zaka zingapo.

WakuLeeds: Chikopa chimenecho ndiye chimene ndikuchifuna kwenikweni. Agogo anga aamuna anali ndi mitengo yawo yochepa pa chulu kuseri kwa khola. Ankapota masamba ngati chingwe n'kupanga nkhata, imakhala pa tsindwi la khitchini, yakuda bii. Akafuna amadula kachidutswa ndi mpeni, kufikisa m'manja, kuika m'kaliwo. Fungo limenelo ndi limene ndikulisaka.

Bambo a ku Santhe: Ndiye mwagula mbewu zolakwika zonse zitatu 😂 Ameneyo ndi fodya wakuda, wamasamba okhuthala onona. Amamuthena msanga kuti masamba akhale ochepa koma olemera. Akachita chikasu m'chigafa chomata, umakumba timaenje pansi n'kusonkha moto wofuka, wosayaka lawi, nkhuni zazikulu zosauma kwenikweni. Utsi ndi umene umagwira ntchito, masiku ambiri ndithu. Lawi likakwera, chigafa chapita ndi fodya yemwe. Agogo anuwo ankangogwiritsa ntchito utsi wa pa mafuwa, ndi nzeru yomweyo.

WakuLexington: Kumadzulo kwa Kentucky ndi ku Tennessee amachitabe zimenezo, ndi matabwa ndi utuchi wa mitengo yolimba monga oak ndi hickory. Nthawi yake ikafika alendo amaimbira ozimitsa moto poganiza kuti nyumba ikupsa. Osuta kaliwo amakondanso Latakia, amene ndi fodya wa masamba ang'onoang'ono wofukizidwa utsi, dzina lake ndi la doko la ku Syria koma masiku ano amakonzedwa kwambiri ku Cyprus. Palinso Perique wa ku St. James Parish ku Louisiana, amene amamupanikiza m'migolo yamatabwa ndi majeke kwa chaka, akuphika m'madzi ake omwe mpaka kuda. Nkhata ya agogo ili pakati pa ziwirizi: utsi wa Latakia, kupanikiza kwa Perique.

WakuLuton: Kufukiza utsi masiku ambiri pa allotment ya khonsolo? Akulandani malowo sabata yomweyo.

WakuLeeds: Ndaona pa magulu a azungu olima fodya pakhomo kuti akamaliza kuumitsa amaika masamba m'firiji yakufa, mkati muli kapoto kamagetsi ka madzi, kutentha kuli cha m'ma 50, kwa mwezi wathunthu. Akuti popanda zimenezo fodya amakanda. Kumudzi sindinaonepo zotere. N'zoona kapena ndi zidole za anthu a ndalama?

Bambo a ku Santhe: Fodya m'firiji. Ndakalamba ndithu.

Mlangizi Wopuma: Musaseke bambo, ali ndi mfundo. Simunazione kumudzi chifukwa gawo limenelo silichitikira kwa mlimi. Belo likagulidwa ku Kanengo, ku Limbe, ku Mzuzu kapena ku Chinkhoma, kampani imachotsa mitsempha, imaumitsanso, imalongedza m'makatoni, ndipo fodyayo amakhala chaka kapena kupitirira asanalowe mu ndudu. Pa nthawi imeneyo amapitiriza kusintha, fungo la udzu ndi la ammonia limatuluka, ukali umachepa. Firiji ya anzanuwo ikungofulumizitsa zimene nthawi imachita yokha. Ngati simukuthamangira kulikonse, ikani masamba m'katoni pamalo ouma bwino muwaiwale mpaka chaka chamawa. Chinthu chimodzi chokha: musamagwire tsamba louma gwa. Lidikireni lifewe.

Mayi a ku Mponela: Apo ndiye anena zoona. Ife kusankha tinkayamba mbandakucha kapena tsiku la mitambo. Umatenga tsamba n'kulifumbata m'dzanja. Likaphwanyika, siya, ukungopanga zinyalala. Likamata osabwerera, lanyowa kwambiri, liwola m'belo. Labwino limakhala ngati kansalu, ukatsegula dzanja limadzitambasula lokha pang'onopang'ono, koma mtsempha ukadali wolimba. Amayi anga ankadziwa ndi kugwira kamodzi kokha mumdima.

Namadimba wa ku Ntcheu: Pepani ndilowetse langa. Ine sindisuta, koma ndimamva kuti masamba a fodya ukawaviika m'madzi amapha nsabwe za pa ndiwo. Ndimaganiza zodzala mitengo iwiri m'mphepete mwa dimba la tomato. Zili bwino?

Mlangizi Wopuma: Mwandikumbutsa zimene ndinalonjeza. Mayi, musatero. Fodya, tomato, tsabola, mbatatesi ndi mabiringano ndi banja limodzi, matenda awo amapatsirana. Woopsa ndi kachilombo ka tobacco mosaic, kamene kamachititsa masamba mawangamawanga ndi kukwinyika. Kameneka ndi kachilombo koyamba ka mtundu wa vairasi kudziwika padziko lonse, Martinus Beijerinck wa ku Netherlands anakafotokoza mu 1898 akufufuza fodya yemweyu. N'kolimba modabwitsa, kamakhalabe kamoyo m'tsamba louma kwa zaka, ndipo kamayenda pa manja ndi pa zida. N'chifukwa chake pa nazale tinkaletsa kusuta ndi kufwenkha, ndipo aliyense ankasamba m'manja ndi sopo asanagwire mbande. Mukathira madzi a fodya pa tomato mungathe kupha nsabwe n'kudwalitsa dimba lonse. Palinso tinyongolotsi ta m'nthaka totupitsa mizu, timakonda fodya ndi tomato mofanana, ndiye pamene pachoka chimodzi pasalowe chinzake, padutse kaye chimanga kapena udzu. Ndipo madzi a fodyawo ndi poizoni weniweni, sasankha, amapha ndi tizilombo tothandiza tomwe, wothirayo amamulowanso pakhungu. Ku Ulaya anasiya kuloleza nikotini ngati mankhwala a mbewu mu 2009. Yesani nimu kapena madzi a sopo.

Namadimba wa ku Ntcheu: Mwandipulumutsa. Bambo a kunyumba amasuta ali m'dimba momwemo, lero amva.

WakuLeeds: Bambo a ku Santhe, chaka chamawa simunganditumizireko mbewu ya kwathu? Kachikopa pang'ono, kapena Banket A1 uja bambo anga ankamutchula.

WakuLuton: Mbewu sizilowa kuno m'thumba la jekete achimwene, zimafuna chikalata cha zaumoyo wa mbewu. Ogulitsa a konkuno ali nayo mitundu yakuda, sakani Kentucky kapena Little Dutch.

Mlangizi Wopuma: Ndipo mbewu zambiri zimene alimi akugula masiku ano ndi za haibulidi, ukasunga njere zake sizibereka ngati mayi wake, zina sizibereka n'komwe. Ngati mwapeza mtundu wakale umene mwaukonda, siyani mtengo umodzi wathanzi osauthena, muveke maluwa ake kathumba ka nsalu yopyapyala asanatseguke. Fodya amadzibereketsa yekha, koma njuchi ndi agulugufe a usiku amasakaniza mitundu ikayandikana, ndipo inu muli nayo itatu pamalo amodzi. Mtengo umodzi ukupatsani njere zoti simungazimalize. Mu galamu imodzi muli njere zoposa 10,000, n'chifukwa chake pa nazale timazithira m'keni ya madzi n'kumavundula tikuthirira, kapena kusakaniza ndi phulusa, apo ayi zimagwa mulu pamodzi. Osazikwirira ndi dothi, zimafuna kuwala kuti zimere. Otsalawo athenedwe maluwa akangoyamba, ndipo mphukira zizichotsedwa sabata iliyonse. Nikotini amapangidwa kumizu n'kukwera, ndiye ukadula nsonga mphamvu yonse imathera m'masamba, akunsonga n'kukhala aukali kuposa apansi. Muwasunge padera. Za feteleza, pewani wa potashi wokhala ndi chloride, amachititsa tsamba kukana kuyaka. Kwathu n'chifukwa chake fodya ali ndi wakewake, D compound pansi, CAN pamwamba.

Bambo a ku Santhe: Fetelezayo mtengo wake chaka chino tisauyambe, tingadetse gulu. Ine mabedi anga amera bwino, koma chitsime chikuphwa, tikutunga usiku.

WakuJoni: A ku Leeds atumize mapaundi a feteleza, malangizo onsewa si aulere 😂

WakuLeeds: Ndabweranso akuluakulu. Za m'katoni zikuyenda, ambiri achita chikasu chokongola, ochepa anachita madontho akuda pamene anagundana ndi thukuta ndiye ndawachotsa. Amene ndinadula mtengo wonse ali m'galaja, akusintha pang'onopang'ono kuyambira apansi. Kachida kakuonetsa 72 usiku, masana 64. Ndaika zithunzi ziwiri. Funso lina: ndawerenga za kachikumbu kamene kamaboola fodya wosungidwa, ndidere nkhawa?

Mlangizi Wopuma: Manambalawo ali bwino, musasinthe kanthu. Kachikumbuko kalipo, kofiirira, kakang'ono ngati njere ya chitowe, mphutsi zake ndi zimene zimaboola timabowo tozungulira. Kamakonda kofunda, ndiye kwanuko sikavuta kwambiri ngati kuno. Mukaona timabowo ndi kafumbi pansi pa katoni, ikani masamba m'pulasitiki yomanga bwino muwasiye m'firiza sabata imodzi. Potulutsa musatsegule mpaka atafunda okha, apo ayi amachita thukuta.

Mayi a ku Mponela: Chithunzi chachiwiricho, masamba mwasokawo athinana, ndipo mwawayang'anitsa mbali imodzi onse. Akamafota adzakumbatirana, pakatipo padzaola. Sokani awiriawiri, misana igundane, nkhope ziyang'ane kunja.

WakuLeeds: Mpata wake ukhale wotani amayi?

Mayi a ku Mponela: Dzanja lizilowa pakati osakhudza tsamba. Ndipo chingwe cha pulasitiki mwagwiritsacho chotsani, chimanyenyeka n'kumatirira pa fodya. Pezani cha thonje kapena cha khonje.